Anafika osaimba ng'oma: mbiri ya mapulogalamu otseguka ku Rufunsa

Mwezi ukatha, pa kiliniki ya kumudzi m'boma la Rufunsa pamakhala ntchito ina imene odwala saiona. Wodwala womaliza akangotuluka, namwino amakokera mpando patebulo n'kutsegula mabuku aakulu aja: la malungo, la sikelo ya ana, la amayi oyembekezera, la olandira mankhwala otalikitsa moyo. Amawerenga zonse zimene wakhala akuchonga mwezi wathunthu, n'kumasamutsira manambala pa mafomu otchedwa HIA 1 ndi HIA 2. Mdima ukagwa ntchito isanathe, foni amaitsamiritsa pa kapu kuti iunikire pepala. Kukacha mafomu aja amakwera njinga yamoto, kugwedezeka m'msewu wafumbi mpaka kukatulukira pa tala wa Great East Road, n'kukafika ku ofesi ya zaumoyo ya boma. Kumeneko mkulu wosunga ziwerengero amawalowetsa mu kompyuta, ndipo akangomaliza, wina amene wakhala ku Ndeke House ku Lusaka akhoza kuona kuti malungo akula pati.

Pulogalamu imene imalandira manambala amenewa ndi DHIS2. Unduna wa Zaumoyo sugula laisensi kuti uigwiritse ntchito. Malangizo onse amene amaiyendetsa, omwe akatswiri amati khodi, ali poyera pa intaneti. Aliyense akhoza kuwatenga, kuwawerenga, kuwasintha ndi kugawira mnzake. Ndiwo mapulogalamu otseguka amenewo, a open source. Namwino uja sanafunsidwepo ngati akuifuna. Mafumu a m'derali, a Bunda Bunda, a Mpanshya ndi a Shikabeta, sanaitanidwe kumwambo woilandira. Chakudza sichiimba ng'oma. Nanga zinatheka bwanji kuti chinthu cholembedwa ku Oslo, chimene mizu yake ili ku Cape Town, chikhazikike chonchi m'boma la mapiri lomwe mpaka m'nthawi ya Pulezidenti Michael Sata linali mbali chabe ya Chongwe?

Nkhani yake imayambira kutali, pa makina osindikizira amene ankakonda kutafuna mapepala. Cha m'ma 1980, pa yunivesite ya MIT ku America, katswiri wina dzina lake Richard Stallman anafuna kusintha pulogalamu ya makina a Xerox kuti pepala likakodwa azichenjeza anthu. Khodi yake anamukaniza. Zinamupweteka kuti chipangizo chili m'manja mwake, luso lochikonza ali nalo, koma wina wachitseka ndi loko. Mu 1983 analengeza ntchito ya GNU, ndipo mu 1989 anatulutsa laisensi ya GPL, yonena kuti tenga, sintha, koma ukamagawira ena zimene wasinthazo usawamane khodi. Mu 1991 mnyamata wa ku Helsinki, Linus Torvalds, anatulutsa Linux. Dzina loti open source linabwera mu 1998, pofuna kuti makampani asamachite mantha ndi nkhaniyi.

Azungu anavutika nalo dzina chifukwa Chingerezi chili ndi liwu limodzi, loti free, pa zinthu ziwiri. Ife tili ndi mawu awiri osiyana bwino: ulere ndi ufulu. Stallman ankanena za ufulu. Ambiri amene anamumva kuno kwathu anamva za ulere. Mavuto ochuluka amene mabungwe akumana nawo pa mapulogalamuwa anabadwira pa kusamvana kumeneko.

Zambia sinachedwe pa intaneti. Mu 1994 yunivesite ya UNZA inakhazikitsa ZAMNET, ndipo dziko lino linakhala limodzi mwa mayiko oyamba kum'mwera kwa Sahara kulumikizidwa mokwanira. Makina ambiri oyendetsa intaneti padziko lonse, otumiza makalata ndi osunga masamba, amayendera mapulogalamu otseguka, choncho akatswiri athu oyambirira anawadziwa msanga. Kenako mu 2004 Mark Shuttleworth wa ku South Africa anatulutsa mtundu wa Linux wotchedwa Ubuntu, liwu la abale athu a kum'mwera lomwe kwathu timati umunthu. Kampani yake inkatumiza ma CD pa positi kwa aliyense wopempha, popanda kulipira ngakhale sitampa, mpaka mu 2011. Mu 2007 nduna za boma la South Africa zinavomereza mfundo yoti maofesi a boma azitsogoza mapulogalamu otseguka. Zinkaoneka ngati Windows yatsala pang'ono kusamuka m'maofesi a mu Africa.

Sinasamuke. Lowani mu ofesi ya khonsolo, ya sukulu kapena ya kopaletivu ya alimi lero, mupeza Word ndi Excel. Chifukwa choyamba n'chimene anthu sakonda kuchinena mokweza: kwa ambiri a ife Windows inali yaulere kale. Kompyuta yogula m'tauni, yatsopano kapena yogwiritsidwapo kale ntchito, imabwera ili nazo zonse, ndipo ikavuta mnyamata wa pa shopu amakuikirani ina ya m'mbali pa ndalama yochepa. Munthu amene sanalipirepo laisensi simungamukope pomuuza kuti asiya kulipira laisensi. Chachiwiri ndi chizolowezi. Mlembi wa mu ofesi anaphunzira Word ku koleji, chikalata chofunira anthu ntchito chimafunsa Microsoft Office, ndipo fomu yochokera kulikulu imabwera yopangidwa mu Excel. Mukaitsegula mu pulogalamu ina mizere n'kusokonekera pang'ono, amene adzakalipiridwe ndi inuyo, osati Linus Torvalds. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mlembi adzagwira chimene akuchidziwa.

Kusukulu nako nkhani inali ina. Phunziro la makompyuta litalowa m'kalasi ya Giredi 8 ndi 9, mayeso oyamba ochita pa kompyuta mu 2015 anaonetsa poyera pamene tinali: makompyuta ochepa, magetsi ozimazima, ana m'masukulu ena kudikirana mpaka usiku. Mphunzitsi wamkulu amene ali ndi makompyuta 5 ndi ana 100 sakhala ndi mpata woganiza za laisensi. Ndinalowapo m'chipinda cha makompyuta pa sukulu ina ya kumudzi. Anali amphatso, oikidwa bwino m'mizere, aliyense atafunditsidwa chitenje kuopa fumbi. Munali Linux. Amene anawabweretsa anaphunzitsa mphunzitsi mmodzi kwa masiku ochepa, mphunzitsiyo anasamutsidwa, ndipo mawu achinsinsi otsegulira anapita nawo m'mutu mwake. Ana ankangosuzumira pawindo. Ndinatuluka m'chipindamo mtima uli wolemera.

Choncho mapulogalamu otseguka sanalowere pakhomo la kutsogolo. Analowera ku chipatala, ndipo apa m'pamene nkhani imakoma.

Ulamuliro wa tsankho utatha mu 1994, South Africa inatsala ndi madipatimenti a zaumoyo 14, ogawidwa potengera khungu ndi madera, iliyonse ndi mafomu akeake. Panalibe amene akanatha kunena kuti m'dera lakutilakuti ana olandira katemera ndi angati. Akatswiri a mayunivesite a Western Cape, Cape Town ndi Oslo anayamba ntchito yotchedwa HISP m'madera osauka a mzinda wa Cape Town, kuphatikizapo Mitchells Plain. Mwa iwo munali Jørn Braa, Arthur Heywood ndi Calle Hedberg. Maganizo awo anali osavuta kumva: musamafunse namwino manambala ambirimbiri opanda ntchito, funsani ochepa ofunika, ndipo a m'deralo aziyamba ndiwo kuwagwiritsa ntchito asanawatumize kumwamba. Pulogalamu imene anapanga, DHIS, ankaigawa kwaulere pamodzi ndi khodi yake, ngakhale kuti inkayendera pa Microsoft Access. Sanadikire kuti chilichonse chikhale chotseguka. Anamanga pa chimene chinali kale m'makompyuta a m'maofesi. Ineyo ndimaona kuti nzeru yaikulu inali pamenepa.

Inafalikira. Malawi anaitenga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Zambia, imene inakhazikitsa dongosolo lake la ziwerengero za umoyo pa kusintha kwa m'ma 1990, nayo inadzagwiritsa ntchito DHIS 1.4 italikonzanso dongosololo. Nthawi imeneyo ofesi iliyonse inali ndi nkhokwe yakeyake m'kompyuta yake, ndipo manambala ankayenda pa fulashi kapena pa imelo. Kompyuta ikagwidwa ndi vairasi, ntchito ya miyezi inkapita. Ku Oslo anailembanso yonse kuti iziyendera pa intaneti, n'kuitcha DHIS2. Inayamba kugwira ntchito ku Kerala, m'dziko la India, mu 2006, ndipo mu 2011 Kenya inaiyala m'dziko lonse kudzera pa seva imodzi. Mayiko oyandikana anaona, natsatira, Zambia ili m'gulumo. Lero ikugwiritsidwa ntchito m'mayiko opitirira 70.

N'chiyani chinakopa maunduna? Kusalipira laisensi kunathandiza, koma si kokha. Unduna ukafuna kuwonjezera funso pa fomu, kapena boma latsopano ngati Rufunsa likabadwa ndipo makiliniki ake akufunika kuchotsedwa pansi pa Chongwe, wantchito wophunzitsidwa amakonza yekha osalembera kalata kampani ya kunja. Yunivesite ya Oslo inaphunzitsa anthu ambiri a mu Africa ndi Asia mpaka madigiri apamwamba pa ntchito yomweyi, ndipo anabwerera kwawo ali akatswiri. Komanso amene amagwira chikwama anaikonda: Norad, Global Fund, PEPFAR, Gavi, UNICEF ndi ena anaikamo ndalama, ndipo WHO inaigwira dzanja. PEPFAR inamangira pa DHIS2 yomweyo dongosolo lake lolandirira malipoti lotchedwa DATIM. Wopereka thandizo ndi wolandira akamalankhula chinenero chimodzi cha manambala, kusankha kumakhala kwatha kale.

Ubwino wa kugawana unaonekera poyera mu 2020. Matenda a Covid-19 atangoyamba, akatswiri a ku Sri Lanka anasintha DHIS2 m'masiku ochepa kuti izitsata anthu olowa m'dziko, ndipo zimene anapangazo zinakonzedwanso n'kugawidwa ku mayiko ambiri. Kupatsa n'kuika, anatero akale.

Koma DHIS2 imafuna netiweki, ndipo aliyense woyenda msewu wochoka ku Chongwe kudutsa pa akasupe otentha a Chinyunyu kulowera ku mlatho wa Luangwa amadziwa mmene foni imakhalira m'mapiri amenewo: apa yagwira, pakhota pamenepo yathawa. Mukasiya tala n'kulowa mkati, pali midzi imene malo oimbira foni ndi chulu chimodzi chodziwika ndi aliyense. Vuto limeneli ndi limene linabweretsa ntchito ina yochititsa chidwi m'dera lomweli.

Cha m'ma 2011, bungwe la CIDRZ pamodzi ndi Unduna wa Zaumoyo, ndi thandizo la Doris Duke Charitable Foundation, linayendetsa ntchito yotchedwa BHOMA m'zipatala zing'onozing'ono 42 za m'maboma a Chongwe, Kafue ndi Luangwa. Nthawi imeneyo dera la Rufunsa linkawerengedwa ku Chongwe. Cholinga chinali kukweza chisamaliro cha odwala: mafomu otsogolera wopima wodwala, alangizi oyendera makiliniki, ndi anthu a m'mudzi otsatira odwala kunyumba. Pulogalamu yake inalembedwa ndi kampani ya ku America yotchedwa Dimagi, ndipo anaimanga pa nkhokwe yotseguka ya CouchDB. Anaisankha pa chifukwa chooneka ndi maso. CouchDB imalola kuti kiliniki iliyonse ikhale ndi nkhokwe yake pa kakompyuta ka pomwepo, ntchito n'kumayenda ngakhale netiweki kulibe. Netiweki ikangotulukira, kaya pakati pa usiku, nkhokwe ija imalankhulana yokha ndi ya kulikulu, kutumiza zatsopano ndi kulandira zake; ikaduka, imadzapitiriza ikabweranso. Azaumoyo a m'midzi ankalandira pa foni, kudzera mu pulogalamu yotseguka ya CommCare, uthenga wa odwala ofunika kuwayendera.

Apa panalibe za chikhulupiriro cha Stallman. Anthu anali ndi vuto la phiri, fumbi ndi batire, ndipo chida chimene chinkalola kupindidwa kuti chikwane vutolo chinali chotseguka. Zomwezi zinachitika ku Macha, m'boma la Choma, kumene gulu la LinkNet linagula timabokosi totsika mtengo ta Linksys, n'kutichotsa pulogalamu ya kufakitale, kuikamo yotseguka, kuti nyumba zizipatsirana intaneti ina ndi inzake. Chimene ndimachilemekeza ku Macha n'chakuti anaphunzitsa achinyamata a komweko kukwera pa denga ndi kukonza okha. Ku Malawi, Gerry Douglas ndi anzake a Baobab Health anayamba ku chipatala chachikulu cha Lilongwe mu 2001 ndi makompyuta ongodina ndi chala pa galasi, oyendera mabatire, osindikiza kasitika ka mizeremizere komata m'buku la kuchipatala. Nawonso anamanga pa Linux ndi zida zina zotseguka, chifukwa kunalibe shopu padziko imene inkagulitsa chinthu chopangidwira wodi ya ana yodzaza, ya magetsi osadalirika.

Pali chitsanzo china chimene chimandikhudza mtima kuposa zonse. Khanda lobadwa kwa mayi amene ali ndi HIV limatengedwa timadontho ta magazi pa kapepala, kapepalako n'kupita ku labotale ya kutali. Kale zotsatira zinkabwerera pa galimoto, zikapezeka mpata, mwana akudikira. Mu 2010 UNICEF, Unduna wa Zaumoyo ndi anzawo anayamba Project Mwana m'zigawo za Luapula ndi Kum'mwera, pogwiritsa ntchito pulogalamu yotseguka ya RapidSMS. Zotsatira zinayamba kubwera pa meseji wamba, pa kafoni ka mabatani ka namwino. Kafukufuku wa m'chigawo cha Kum'mwera anapeza kuti masiku odikira kuti zotsatira zifike pa kiliniki anatsika kuchoka pa 44 kufika pa 27. Kwa khanda lofunika kuyamba mankhwala, masiku 17 si ochepa. Ndipo palibe namwino amene anafunika kuguliridwa foni yatsopano kapena kuphunzira chinthu chachilendo. Meseji ankaidziwa kale.

Mankhwala nawo amayitanitsidwa kudzera mu eLMIS, imene Zambia ndi Tanzania anapanga cha m'ma 2013 ndi 2014 ndi thandizo la USAID kudzera ku bungwe la JSI, ndipo khodi yake ndi ya banja la OpenLMIS lomwe Mozambique ndi Malawi akugwiritsanso ntchito. Ngakhale nkhani ya zimbudzi inalowamo. Bungwe la Akros, pamodzi ndi UNICEF ndi unduna woona za maboma ang'ono, linakonza DHIS2 kuti anthu odzipereka a m'midzi azitumiza pa foni chiwerengero cha mabanja okhala ndi chimbudzi ndi posambira m'manja. Chimene chinapatsa ntchitoyi mano ndi mafumu. Mfumu ikaona pa tabuleti kuti mudzi wakutiwakuti watsalira, nyakwawa ya kumeneko inkaitanidwa kukafotokoza. Mu 2015 Chiengi inakhala boma loyamba m'Zambia kulengezedwa kuti anthu ake asiya kudzithandizira kutchire. Pulogalamu inali yomweija ya ku Oslo. Mphamvu inali ya ku bwalo la mfumu.

Wina asaganize kuti Unduna unalumbira kuti uzigwiritsa ntchito zotseguka zokhazokha. Khadi ya SmartCare imene odwala ambiri amasunga m'kachikwama inachokera ku dongosolo lomangidwa ndi thandizo la CDC ya ku America cha m'ma 2005, pa zida za Microsoft, ndipo ndilo linasankhidwa kukhala kaundula wa odwala m'dziko lonse. Pa tebulo limodzi pamakhala chotseguka ndi chotseka, chilichonse chinabwera ndi amene anachilipirira. Wosenza katundu yense ndi namwino yemwe uja: kulemba m'buku, kulemba pa fomu, kulowetsa umu, kulowetsanso umo, mzere wa odwala uli panja. Kwa iye funso si lakuti khodi ili poyera kapena ayi. Funso ndi lakuti, kodi chinthuchi chindichepetsera ntchito kapena chindiwonjezera? Mapulogalamu ambiri abwino afera pa funso limeneli.

Ndale nazo zili ndi gawo lake, ngakhale kumayiko olemera. Mzinda wa Munich ku Germany unasankha Linux mu 2003, ngakhale mkulu wa Microsoft panthawiyo, Steve Ballmer, anapita yekha kukaonana ndi meya Christian Ude. Pofika 2013 makompyuta pafupifupi 15,000 anali atasamuka. Meya atasintha, khonsolo inavota mu 2017 kuti abwerere ku Windows. Mu 2024 chigawo china cha dziko lomwelo, Schleswig-Holstein, chinalengeza kuti makompyuta ake 30,000 apita ku LibreOffice ndi Linux. Chinthu chimene chaima pa munthu mmodzi wa pampando chimagwa iye akachoka, kaya ndi ku Munich kaya pa sukulu ya zitenje ija.

Kuti timvetse bwino, tiyeni tichoke pa kompyuta tipite pa mjigo. Ambiri sadziwa kuti pampu ya India Mark II, imene yadzaza m'midzi ya m'Zambia, komanso Afridev, imene inayambira ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ndi dzina loti Maldev, ndi zinthu zotseguka. Mapulani ake si chinsinsi cha kampani imodzi. Fakitale iliyonse yotsatira muyezo ikhoza kupanga, ndipo tcheni, ndodo kapena labala wopangidwa kwina amalowa bwinobwino. N'chifukwa chake mitengo yake inatsika ndipo mijigo inafalikira. Komabe tonse tikudziwa mjigo umene unaima chaka chatha, chogwirira chikungolendewera, udzu utamera pa simenti, amayi atabwerera kudambo. Chinafa n'chiyani? Nthawi zambiri kalabala kotsika mtengo. Mapulani ali poyera, inde, koma komiti ya mjigo sinasonkhetse ndalama, shopu ya zipangizo ili kutali, ndipo wokonza mijigo wa m'deralo anapita kukakumba golide.

Mapulogalamu otseguka ali chimodzimodzi. Laisensi ndi yaulere, koma seva imadya magetsi ndi ndalama mwezi ndi mwezi. Mabando a intaneti amagulidwa. Batire ya sola imatha pakapita zaka zochepa. Wantchito watsopano aliyense amafunika kuphunzitsidwa. Pulogalamu ikatuluka yatsopano pamafunika munthu woisamutsa bwino osataya manambala a zaka khumi, ndipo munthu wa luso lotere amafunidwanso ndi mabanki ndi makampani a mafoni amene amalipira kuposa boma. Bungwe limene linamva "ulere" lokha silinaike ndalama zimenezi mu bajeti. Limene linamva "ufulu" linadziwa kuti ndalama imene ikanapita ku laisensi iyenera kupita kwa anthu.

Zaka ziwiri zotsatizana zinayesa zonsezi. Mu February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a ku Kariba anatsika, ndipo miyezi ina magetsi ankazima mpaka maola 21 patsiku. Malaiti akapita, nsanja za mafoni nazo zimafooka. Chimene chinkapitiriza kugwira ntchito ndi chimene chinapangidwa moganizira mdima: sola, pepala, ndi pulogalamu yodziwa kusunga zinthu mpaka netiweki idzabwere. Kenako pa 20 January 2025 Pulezidenti Donald Trump anasaina lamulo loimitsa thandizo la America kumayiko akunja, ndipo m'miyezi yotsatira USAID inathetsedwa. M'mayiko ambiri a mu Africa, malipiro a olemba mapulogalamu, a olowetsa manambala, ndi ndalama za maseva zinkachokera ku thumba limenelo.

Apa m'pamene kusiyana kwa ulere ndi ufulu kunaonekera ndi maso. Khodi ya DHIS2, ya OpenLMIS ndi ya CommCare sinakwere ndege. Ili pomwe inali. Palibe kampani imene ingatumize kalata yoti laisensi yatha, tsekani. Dziko limene lili ndi akatswiri ake, seva yake ndi mzere wake mu bajeti likhoza kupitiriza ngati kuti palibe chachitika. Dziko limene linasiyira zonse wopereka thandizo limatsala ndi mapulani a mjigo m'manja, madzi osatuluka. Zambia ili ndi poyambira: kuli Smart Zambia Institute yoyang'anira ntchito za boma za pa kompyuta, kuli malamulo a 2021 okhudza boma la pa intaneti ndi kuteteza zinsinsi za anthu, kuli achinyamata odutsa ku BongoHive chiyambire 2011, ndipo UNZA imaphunzitsira pa Moodle ndi kusunga kafukufuku wake pa DSpace, zonse zotseguka. Koma pafupifupi zonsezi zili ku Lusaka. Kompyuta ikavuta ku Shikabeta, thandizo lili kutali, maola ambiri a msewu woipa.

Chodabwitsa n'chakuti Linux inafika kale m'thumba la wowotcha makala wa m'mbali mwa Great East Road. Foni iliyonse ya Android, kaya Tecno kaya itel, mtima wake ndi Linux ya Torvalds yemwe uja. Ana a ku Rufunsa akukula akudina zinthu zotseguka tsiku lililonse, osadziwa kuti chitseko chake n'chosakhoma ndipo akhoza kulowa kukaona mkati.

Mpata wophunzitsira ana amenewa ulipo. Ndalama ya chitukuko ya CDF, imene dera lililonse la phungu limalandira, inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo yakhala ikukwerabe. Gawo lina limalipirira achinyamata maphunziro a luso la manja, ndipo mayina amachokera m'makomiti a m'mawadi, kwa anthu odziwana. Pa mndandanda umenewo pamakhala osoka, omanga, okonza magalimoto, a zamagetsi, ndipo onsewo ndi ofunika. Ine ndikulakalaka kudzaonapo dzina la mtsikana wa ku Mpanshya kapena mnyamata wa ku Chinyunyu amene akupita kukaphunzira kusamalira seva, kulumikiza netiweki ndi kuwerenga khodi, komanso kuti khonsolo ndi ofesi ya zaumoyo zimusungire mpando ndi malipiro oti akamaliza abwerere kwawo. Zitenje zija pa sukulu ija zikudikira munthu wotero kuti adzazivundukule.